Kope la Timabokosi

Ndinafika ku ofesi ya za malo pa boma la Salima
Lachiwiri m'mawa, fumbi la pa Kamuzu Road lili kumapazi.
Ndalama za mpunga wa zaka zisanu ndi chimodzi
zinali gone kubanki, zikuonda
ngati mbuzi ya chingwe chachifupi.

Funso langa linali laling'ono:
puloti ya ku Kaphatenga, ija ya bwemba pakona,
inapita pa zingati?

Kalaliki, Bambo Dzimbiri, sanadzutse mutu.
"Ndinu loya? Ndinu ejenti? Laisensi ili kuti?"
Ndinati ndine munthu wofuna kugula basi.
Anatseka faelo pang'onopang'ono
ngati chitseko cha chipinda chimene mwagona khanda.
"Kafunseni ogulitsa."

Wogulitsa puloti yoyandikana nayo anati mamiliyoni asanu ndi anayi.
Mlamu wake, kuseri kwa golosale, anati asanu ndi awiri.
Ejenti wa nsapato zosongoka anati khumi ndi awiri,
"mukachedwa, wa ku Joni atenga Lachisanu."
Nthaka imodzi, pakamwa patatu.

Ndiye ndinagula kope la masamu, la timabokosi,
n'kuyamba kufunsa anthu amene safunsidwa.

Sumaili wa kabaza amakumbukira yemwe anamunyamula
atakumbatira chikwama pamimba popita
n'kubwerera manja ali lende.
Woumba njerwa ku Msangu amadziwa za maziko atsopano
mwini wake asanauze mkazi.
Mnyamata wokoka tepi ya saveya
ali ndi mabikoni onse m'mutu,
ndipo chipisi cha mazana asanu chimamasula lilime lake.
Nasikelo wa m'kabenchi ka ndalama za pafoni
satchula maina, ayi ndithu,
koma akakweza nsidze, ine ndimalemba.

Tsamba lachitatu: ya kufupi ndi njanji.
Mu Febuluwale madzi amalekeza m'mawondo,
n'chifukwa chake inagulitsidwa mu Okutobala
nthaka ili gwa, yosweka ming'alu.
Tsamba lachisanu ndi chimodzi: ya mumsewu wa ku Senga Bay.
Ogula awiri, aliyense ndi kalata yake, chidindo chake.
Pano pamera chisoso ndi mlandu.
Ndinalembanso makoma ofuula ndi penti wofiira,
NYUMBA INO SIKUGULITSIDWA,
pakuti khoma silikana lisanafunsiridwe.

Manambala ena ndi mphekesera, ndikudziwa.
Pambali pa otero ndimaika kadontho.
Ndikamva zomwezo kwa anthu awiri osamwera limodzi
kadontho ndimakafufuta ndi chala chamate.

Bambo a kunyumba akuti ndasanduka wapolisi wopanda yunifolomu.
Akuti anzanga anagula m'maso muli tsinzi
ndipo lero akulandira lendi.
Sakunama.
Miyezi isanu ndi itatu, sindinakumbe ngakhale dzenje la chimbudzi.
Kwacha inagwa ndili pakati pa tsamba,
mitengo yonse inakalamba usiku umodzi,
ndinakhala pakhonde ndi lula, kudula mizere.

Dzulo masana nsapato zosongoka zija
zinaima patsogolo pa matumba anga a kilombero.
Anagula makilo awiri osanenerera.
Anayang'ana uku, anayang'ana uko.
"Mayi, ndamva muli ndi kabuku.
Ya pa bwemba ija, kwenikweni, inapita pa zingati?"

Ndinapukuta gaga m'manja.
Kope linali pansi pa sikelo, likumva.
Ndinati, "Laisensi ili kuti?"

Anaseka mpaka kutsokomola.
Ndinamuuza: asanu ndi limodzi ndi theka, theka linalo ndi ngongole.
Iye, posafuna kuchoka wamanyazi,
anandinong'oneza za ina kuseri kwa chipatala,
mwini wake akusamukira ku Dwangwa, akufuna zachangu,
mamiliyoni anayi okha.

Atapita ndinanyambita chala,
ndinatsegula tsamba latsopano,
ndinalemba anayiwo bwinobwino, nambala m'kabokosi kake,
ndipo pambali pake
kadontho.